Kalata yoitana mlongo wanga

Belu la pasukulu ya kwathu linali limu yakale ya lole, yopachikidwa pamtengo wa mango. Akaimenya inkalira kuti ngwee, ngwee, mawu ake n'kutsetsereka mpaka kumunda kwa anganga, kumene ine ndi mlongo wanga tinkakhala titawerama kuyambira mbandakucha. Inkalira chaka ndi chaka ife osatukula mutu, poti sinkaitana ife. Mayi ndi bambo anamwalira motsatizana ine ndili sitandade 5, mlongo wanga ali sitandade 2. Anganga, mayi awo a mayi athu, atatitenga anatiuza tsiku lomwelo kuti chakudya tidzadya, koma za fizi ndi yunifolomu tiiwale.

Mu 1994 kunamveka kuti pulayimale tsopano ndi yaulere. M'mawa wina limu ija italira, mlongo wanga anaimika khasu pamzere n'kupukutira manja m'diresi.

"Anganga, ine ndapita."

"Wapita kuti?"

"Kumene akuitanako."

Anganga anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anang'ung'udza mawu awiri atatu m'Chilomwe, chimene ankachisungira nthawi ya mkwiyo, kenako anati, "Kasambe kaye. Usakandichititse manyazi ndi miyendo yotuwayo."

Ine sindinapite. Ndinali nditatalika kale, ndipo ndinkaopa kukakhala pansi pakati pa tiana. Ndinatola khasu lake n'kumaliza mzere umene anausiya.

Munda umenewo unali wa mizere makumi anayi ndi iwiri. Ndikudziwa chifukwa ndinali mwana wosayankhulayankhula, ndipo pamene anzanga ankacheza ine ndinkawerenga zinthu: mizere, mbuzi za eni, anthu odutsa pamsewu. Anganga anaulandira kwa mayi awo, amene anabwera ali pamsana kuchokera ku Mozambiki. Ukanapita kwa mayi athu, koma poti anatsogola, unkadikira mlongo wanga. Ine sunkandikhudza. Mwamuna amalima kwawo ngati wobwereka, tsiku lake likakwana amanyamula khasu n'kupita kuchikamwini. Kumunsi kwa munda, kuseri kwa zitsa zitatu za khonje, kunali kamunda ka amayi aang'ono, mwana wa mng'ono wawo wa anganga. Anali ndi ana asanu ndi mmodzi pa kamalo koti nkhuku ikhoza kukadutsa osapuma.

Zaka zinapita. Mlongo wanga anakhoza sitandade 8, n'kumayenda wapansi kupita ku sekondale yoyendera. Ine ndinaphunzira kukonza njinga pansi pa mtengo ku Namitambo, ndipo ndinapeza mbeta ku Mpama. Amalume onse anali atamwalira, choncho pa zaka makumi awiri ndi zisanu ndinapezeka kuti mwini mbumba ndine, munthu amene pamaliro ndinkakhala kumbuyo kuti asandipatse mawu.

Dzina la mlongo wanga litatuluka kuti wasankhidwa kupita ku koleji ya aphunzitsi, anganga sanalulute. Anangofunsa kuti, "Ndiye munda?"

Kutatsala sabata imodzi kuti anyamuke, pakhomo panatsika mayi wina pa kabaza. Anali wamfupi, wonenepa pang'ono, wovala nsapato zachimuna zafumbi, chitenje atachimanga pamwamba pa siketi. Anagwada patali n'kupereka moni kwa anganga. Anati amaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale cha ku Njuli, ndipo a ku koleji amutuma kuti akhale achemwali a mlongo wanga.

"Achemwali?" anatero anganga. "Mwana wanga anabereka awiri okha. Inu mukuchokera mimba iti?"

Mayiyo anaseka mpaka kupukuta misozi. Kenako anafotokoza, ine ndikumvetsera uku ndikumata chubu pambali pa nkhokwe. Anati chaka chimene sukulu inakhala yaulere, ana anachuluka kuposa aphunzitsi, ndipo boma linalemba anthu ambiri osaphunzira uphunzitsi. Iye anali mmodzi mwa iwo. Patapita nthawi anawaitana ku koleji m'magulumagulu. M'chipinda chawo chogona anali atsikana asanu ndi mmodzi, koma anamaliza awiri.

"Enawo analephera mayeso?" anafunsa mlongo wanga.

"Mayeso sanawaone n'komwe. Anali anzeru kuposa ine. Anangopita kumudzi mmodzimmodzi, osabweranso."

Anati iye ndi mnzake wotsalayo anakadandaula kwa mayi wina wophunzitsa pakolejipo, ndipo atatuwo anayamba kukumana pakhonde pa mayiyo Loweruka. Anagwirizana kuti mtsikana aliyense wobwera kumene azipatsidwa mayi wa kudera la kwawo amene anamaliza kale, woti azidziwa pakhomo pake ndi anthu ake. Poyamba akuluakulu a koleji ankaziona ngati macheza a azimayi. Pofika chaka cha mlongo wanga anali atawapatsa kachipinda, ndipo mayina a atsikana atsopano ankawatumizira okha.

Anganga anamvetsera zonsezo akufwenkha fodya wawo wamphuno. Pomaliza anati, "Mukamudyetse bwino. Sadya therere." Mlendoyo atapita anandiuza kuti, "Ameneyu wabwera kudzaona ngati tili ndi chimbudzi."

Mlongo wanga anapita, ndipo miyezi yoyamba inayenda bwino. Zinthu zinasokonekera mu Okutobala, nthawi yokonza minda. Anganga anatupa bondo. Kuchipatala cha Namitambo anati ndi nyamakazi, anawapatsa mapilitsi n'kuwauza kuti apume. Kudya ankadya, kukalipa ankakalipa, koma kumunda sakanafika. Ine ndinkalima m'mawa kwambiri ndisanapite ku njinga, kuyambira kumtunda, ndipo kumunsi kunali kudakali thengo.

Tsiku lina nditsikira kumunsiko ndinapeza chitsa chimodzi cha khonje chitazulidwa. Mzere wathu womalizira unali utagalauzidwa bwinobwino, koma osati ndi ine. Ndinaima, ndinayang'ana, ndinabwerera. Mawa lake inali iwiri. Tsiku lachitatu ndinawapeza amayi aang'ono eni akewo ali pa mzere wachitatu, mwana ali kumsana.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Tadzuka, kaya iwe bambo."

"Ndimati malire aja... khonje uja..."

Anaimika khasu n'kutsamira mpini. Sanakwiye. Zikanakhala bwino akanakwiya.

"Iwe mwana wanga, pano ndiwe mlendo. Kwanu ndi ku Mpama, tikungodikira tsiku. Anganga ako bondo lija silibwerera. Mwini munda ali kuti? Akudya buledi ku koleji. Akamaliza amutumiza ku Nsanje kapena ku Chitipa, akwatiwa ndi mphunzitsi mnzake. Ndiye munda uzigona, ana anga akugona ndi njala? Munda sudikira satifiketi."

Zambiri mwa zimenezo ndinkaziganiza kale ndekha. Sabata yomweyo amalume a mbeta yanga anali atanditumizira mawu ofunsa ngati ndikufuna kuti njerwa za nyumba yathu aumbe iwo. Ndinaona kuti ndikachoka, munda utha mzere umodziumodzi. Ndinaonanso kuti munthu mmodzi yekha ndi amene akanaima pamalirepo anthu n'kumumvera, ndipo munthuyo sanali ine.

Masana amenewo ndinang'amba pepala m'kope lakale la mlongo wanga. Ndinadziwa kuti ndikalemba za mizere sabwera, angondiyankha kuti ndidikire holide. Choncho ndinalemba zimene aliyense kwathu amalemba akafuna munthu msanga: "Anganga adwala kwambiri. Ukachedwa suwapeza." Ndinapinda, ndinapatsa kondakitala wa minibasi amene ndinkamudziwa, ndipo anganga sindinawauze.

Minibasi itangokhota, maganizo anga anapita kwa mlongo wanga. Ndinakumbukira kuti m'kalata yake yomaliza anatchula za mayeso akuluakulu amene anali pafupi, koma tsiku lake sindinalisunge. Ndinkadziwanso mmene zimathera. Akanabwera, akanapeza mlandu wa malire, mlandu ukanadikira akuluakulu, mvula ikanagwa, akanadzala, akanapalira, ndipo pofika nthawi yobandira dzina lake ku koleji likanakhala litafufutidwa. Masiku atatu amenewo ndinamata machubu pamalo osabooka. Njinga iliyonse yotsika kuchokera kumsewu ndinkaiyang'ana kumbuyo kwake, mtima wina ukufuna kuti akhale iye, wina ukupemphera kuti asakhale iye.

Loweruka cha m'ma teni, kabaza anaima pakhomo. Amene anatsika anali aphunzitsi a ku Njuli aja, atanyamula buledi ndi kapaketi ka shuga, nkhope ili yokonzekera matenda. Anawapeza anganga ali pakhonde, mwendo atautambasula, akusenda nandolo uku akutukwana nkhuku.

Aphunzitsi anaima kanthawi. Kenako anagwada.

"Anganga, mwadzuka bwanji? Ife tamva kuti mwatsala pang'ono."

"Ndani? Ine?"

"Kuti tikachedwa sitikupezani."

"Mukapanda kundipeza ndiye kuti ndapita kuseri. Wanena zimenezo ndani?"

Palibe anatchula dzina langa. Onse awiri anangotembenuka. Ine ndinali pafupi ndi nkhokwe nditagwira sipanala. Pa kabaza paja panalibe mlongo wanga. Anali adakali ku koleji. Ndinapuma mpweya umene ndinaugwira masiku atatu.

Anganga anayamba m'Chinyanja n'kumalizira m'Chilomwe. Anati ndawakumbira manda ali moyo, anati ndikagule bokosi ndiye, poti ndine wachangu. Anandigenda ndi makoko a nandolo. Aphunzitsi anawasiya mpaka mpweya unawathera, kenako anandiyang'ana.

"Achimwene, kalata imeneyi sinalembedwe chabe. Chikudwala pakhomo pano n'chiyani?"

Palibe munthu anali atandifunsapo funso loti ndiyankhe ndi mawu ambiri. Ndinati, "Tiyeni mukaone."

Tinatsikira kumunda. Ndinawaonetsa dzenje la khonje ndi mizere itatu ija, imene tsopano inali inayi. Ndinawauza zonse, za ku Mpama zomwe. Iwo anakhala pa mzere, anavula nsapato imodzi n'kukhutula dothi.

"Mwa anzanga anayi aja," anatero, "atatu anaitanidwa ndi kalata ngati yanuyi, mawu ake omwewa. Mmodzi anapezadi mayi ake ali kayakaya. Wina anapeza mwamuna akufuna kutenga mkazi wachiwiri. Wina anapeza malire. N'chifukwa chake tinaika lamulo limodzi lokha. Kalata yoitana mtsikana ikafika, ngati si uthenga wa maliro, amatipatsa masiku awiri. Achemwali ake amapita kaye kukaona ndi maso. Akapeza matenda enieni, amakamutenga okha tsiku lomwelo."

"Ndiye mumapeza mabodza ambiri."

"Mabodza ayi. Timapeza anthu amene asowa wowamvera. Bodza limangokhala envulopu."

Ndinkayembekeza kuti anena zopita kwa amfumu. Iwo anati mlandu ukakafika kumeneko udya miyezi, ndipo amfumu adzafuna mwini munda aonekere, zomwe ndi zimene tikuzipewa. Anavala nsapato, anawoloka malire, n'kupita okha kwa amayi aang'ono. Ndinawaona patali atakhala pansi pamkeka, akuthandiza kutongola chimanga cha mbewu. Anakhalako nthawi yaitali moti ndinamva njala. Zimene anakambirana sindinazimve. Kangapo konse ndinamva kuseka.

Atabwerako anakhalanso ndi anganga, ndipo apa ndinamva. Anati mizere yotengedwa mwakachetechete sibwerera, chifukwa pakatha zaka ziwiri aliyense amaiwala pamene panali khonje. Koma mizere yobwereketsa pamaso pa anthu imakhala ndi mwini wake. Anapempha anganga kuti abwereke amayi aang'ono mizere khumi ya kumunsi mpaka mlongo wanga atamaliza, ndipo anene poyera, ali moyo ndiponso ali m'mundamo, kuti munda wonse ndi wa mdzukulu wawo.

"Khumi? Wakuba anatenga inayi, inu mukumuonjezera isanu ndi umodzi?"

"Mizere khumiyo mulima ndinu, anganga? Ndi bondo limeneli?"

"Alima uyu wolemba makalatayu."

"Uyu akumufuna ku Mpama. Mukufuna akalambire pano?"

Anganga anatembenuza kabotolo ka fodya m'manja. Kenako anati, "Mwana wa mng'ono wanga ndi mwana wanga. Akanabwera kudzapempha, ndikanamukaniza? Koma kuzula khonje amene anadzala mayi anga!"

"Akuti adzala wina."

"Adzale awiri."

Panatsala vuto lowafikitsa kumunda. Anganga anali asanakwerepo njinga chibadwire, ndipo ankati njinga ndi ya anthu othawa ngongole. Tinawakweza pa kaliyala, aphunzitsi atawagwira m'chiuno, ine ndikukankha. Njira yonse ankakuwa kuti ndikufuna kumaliza zimene ndinalemba m'kalata. Ana anatitsatira, ndipo pofika kumunda tinali ndi mboni zambiri kuposa zimene tinaitana. Panali azimayi atatu achikulire a mbumba yathu, ndi mayi wina wa kumpingo.

Anganga sanatsike. Analoza ndi ndodo ali pa njinga pomwepo, kuyambira pa mtengo wa mpoza kumtunda mpaka padzenje la khonje, n'kunena kuti zonsezi ndi za mdzukulu wawo wamkazi amene ali kusukulu. Kenako anati mizere khumi ya kumunsi akubwereka mwana wawo uyu, alime adye, mwini wake akadzaifuna adzabweze. Amayi aang'ono anagwada n'kuomba m'manja. Mmodzi wa azimayi achikulire aja anati, "Awerenge ndi uyu, ndiye amadziwa mizere." Ndinawerenga mokweza, anthu akubwereza pambuyo panga ngati ana a sitandade 1, ndipo pa mzere wa khumi ndinakhoma chikhomo. Aka kanali koyamba kuti ndiyankhule pagulu monga mwini mbumba, ndipo mawu anga onse anali manambala.

Amayi aang'ono podutsa pafupi nane anati chapansipansi, "Iwenso, kupha anganga ako chifukwa cha mizere inayi." Ndinaseka, iwonso anaseka.

Mlongo wanga analemba mayeso ake. Chaka chotsatira anakaphunzitsa moyeserera pasukulu ina yakumudzi, ndipo atamaliza anamutumiza m'boma lathu lomwelino, osati ku Chitipa. Ine ndinapita ku Mpama chilimwe chotsatira. Anganga anakhala zaka zina zisanu, ndipo mlendo aliyense ankamuuza kuti anafapo kale kamodzi. Mizere ija inabwerera isanu ndi inayi. Wakhumiwo mpaka lero ukadali nkhani pakati pa mlongo wanga ndi ana a amayi aang'ono, nkhani yoyamba ndi kuseka n'kutha ndi kuseka. Gulu la achemwali lija linakula. Mayi amene ankawasonkhanitsa pakhonde anapuma ntchito, ena anatenga malo ake, ndipo mlongo wanga nayenso anadzapatsidwa mtsikana wake wa ku Mpama, amene pakhomo pawo ndimadutsapo popita kudimba.

Koma Loweruka limenelo zonsezi sindinkazidziwa. Dzuwa litapendeka ndinaperekeza aphunzitsi kumsewu kuti akapeze kabaza. Tili m'njira ndinafunsa za mlongo wanga, chimene chinkandidya.

"Kalata ija atailandira anatani?"

"Analira. Analongedza chikwama, anafika mpaka pageti. Anzake ndi amene anathamanga kukaitana amayi ophunzitsa pakoleji aja, iwo n'kunditumizira uthenga. Masiku awiri amenewa sanadye."

Ndinayang'ana pansi.

"Ndikapita komweko mawa tikaweruka kutchalitchi," anatero. "Ndikamuuze chiyani?"

"Mukamuuze kuti anganga ali bwino."

"Zimenezo ndikamuuza ndisanakhale n'komwe pansi. Ndikunena za inu."

Ndinaganiza zowapempha kuti akanene kuti matenda anali aakulu koma achepa. Zikanatheka, ndipo mwina akanavomera. Koma ndinali nditatopa ndi kalata imeneyo.

"Mukamuuze zoona. Kuti ndinanama ndine, anganga sankadziwa. Ndidzamupepesa ndekha akabwera."

"Akukalipirani."

"Aposa anganga?"

"Ndi mdzukulu wawo, mukuona bwanji?"

Kabaza anafika. Aphunzitsi anakweza chitenje, anakhala chammbali pa kaliyala, kenako anauza wakabaza kuti, "Dikira kaye, bambo," n'kupisa m'chikwama. Anatulutsa pepala lopindidwa kanayi, lotayipidwa, lokhala ndi chidindo cha koleji. Linali ndi masiku onse a chaka: tsiku lotsegulira, masabata a mayeso, tsiku lotsekera.

"Ili timayenera kusiya pakhomo lililonse tsiku loyamba. Ulendo uja ndinaiwala, ndiye kulakwa kwina ndi kwanga. Mukalimate pakhoma. Mukafuna kudwalitsanso munthu, muziyamba mwayang'ana apa."

Anandipatsa m'manja, anagwira phewa la wakabaza, ndipo njinga inatsetsereka kulowera ku Njuli.